Chisanu Chikagwa pa Madzi: Zimene Alimi a Nsomba a ku Chikwanha Angaphunzire kwa Asodzi a pa Ayezi

[Kanyimbo kotsegulira pulogalamu, kenako katsike pang'onopang'ono]

WOULUTSA: Moni amayi ndi abambo a ku Zengeza, a ku St Mary's, a ku Seke, ndi inu amene mwalawirira pa msika wa Chikwanha kudakali mbuu. Takulandirani ku pulogalamu yathu ya ulimi ndi usodzi. Tili m'mwezi wa Meyi, mphepo yayamba kuluma m'makutu, ndipo lero tikambirana za madzi, nsomba ndi chisanu. Nkhaniyi ndiiyambira kutali kwambiri, kumayiko kumene nyanja imaundana mpaka munthu kuyendapo wapansi. Musafulumire kunena kuti za kumeneko sizikutikhudza. Amene muli ndi dziwe la nsomba kumunda kapena thanki kuseri kwa nyumba, senderani pafupi ndi wailesi.

Ku Canada, ku Finland, ku Russia ndi m'zigawo za kumpoto kwa America monga Minnesota, kuzizira kumafika pachimake kuyambira Disembala mpaka Malichi, nthawi imene ife kuno tili kalikiliki kupalira chimanga. Pa nyanja ya Baikal ku Siberia, ayezi amakhuthala mpaka mita imodzi, pena kuposerapo, moti magalimoto amadutsa pamwamba pa nyanja. Koma asodzi sapachika mbedza. Amayenda pa ayezi atanyamula chobowolera chokhala ndi mipeni kunsonga, n'kuboola dzenje lotambalala masentimita 15 mpaka 25, basi n'kutsitsiramo nyambo. Akuluakulu oona zachilengedwe ku Minnesota amachenjeza kuti munthu asayerekeze kuponda pa ayezi watsopano amene sanakhuthale kufika masentimita 10. Kumeneko kuwedza kotere ndi chikhalidwe ndithu. Pa nyanja ya Gull Lake, pafupi ndi tauni ya Brainerd, pamachitika mpikisano umene zaka zina umasonkhanitsa anthu oposa 10,000, aliyense atakhala pa kadzenje kake.

Tsono vuto la msodzi ameneyu ndi limodzi: dzenje limafuna kutsekekanso. Kukazizira kwambiri, sipapita nthawi yaitali kachikhungu kopyapyala kayamba kale kuyala pamwamba pa madzi. Chingwe chimagwidwa m'kachikhunguko. Nsomba ikadya nyambo pansi, msodzi samva kalikonse m'manja, ndipo akakoka mwamphamvu chingwe chimatha kudukira pa ayezi wakuthwa. Choncho msodzi aliyense amayenda ndi chipande cha mabowomabowo chowolera tizidutswa ta ayezi. Koma kuwola kokha n'kotopetsa, makamaka kwa munthu amene watchera mbedza m'maenje angapo. Odziwa ntchito amavundikira dzenje ndi chivundikiro cha mphira, cha thabwa kapena cha pulasitiki yofufuma, chongosiyidwa kampata kodutsira chingwe. Ambiri amasankha chakuda kuti chizikoka dzuwa. Ena amaunjika chipale chofewa kumbali yochokera mphepo. Ena amaimika kahema pamwamba pa dzenje n'kukhala m'kati momwemo. Palinso amene amatsitsa kapaipi kotulutsa thovu la mpweya, kuti madzi a pansi azikwera pamwamba.

Mwamva bwinobwino pamenepo? Madzi a pansi akakwera, dzenje silitsekeka msanga. Ndiye kuti pansi pa nyanja youndanayo pali madzi ofundirako kuposa pamwamba. Apa ndi pamene pagona phunziro lathu, ndipo ndikupemphani kuti mutchere khutu.

Madzi opanda mchere amalemera kwambiri akafika pa madigiri 4. Akazizira kupyola pamenepo amayamba kupepukanso, ndipo akaundana pa digiri 0 amapepuka zedi, n'chifukwa chake ayezi amayandama. Motero nyanja imaundana kuyambira pamwamba, pansi n'kutsala madzi a madigiri pafupifupi 4 mmene nsomba za kumeneko zimathera nyengo yonse yozizira. Kunja mpweya ukhoza kutsika mpaka madigiri 20 pansi pa 0, koma madzi a m'dzenje akadali ndi kutentha kwawo pang'ono. Chimene chimatseka dzenje n'chakuti kutentha kumeneko kukuthawira m'mwamba kudzera pakamwa pa dzenjelo. Msodzi akavundikira, watseka njira yothawirayo. Sanawotche madzi, sanathire mankhwala. Wangosunga kutentha kumene kunalipo kale.

Kutentha kumathawa pamwamba pa madzi m'njira zingapo. Mphepo ikamawomba imasesa mpweya wofunda umene uli pamwamba pa madzi n'kubweretsa wozizira, ndipo imatero usiku wonse osapuma. Madzi akamasanduka nthunzi amanyamulanso kutentha kochuluka. Izi amayi mumazidziwa bwino: madzi a mumtsuko wadothi amazizira chifukwa mtsukowo umachita thukuta, thukutalo likamauma limachoka ndi kutentha. Dziwe lanu ndi mtsuko waukulu wopanda chivundikiro, umene mphepo youma ya Juni imaupepesa usana ndi usiku. Njira ina ndi thambo. Usiku wopanda mitambo, nyenyezi zili waliwali, nthaka ndi madzi zimataya kutentha kwake molunjika kumwamba. N'chifukwa chake chisanu chowononga chimagwa usiku wa thambo loyera, mphepo itadeka, osati usiku wa mitambo.

[Kanyimbo kakafupi]

WOULUTSA: Tiyeni tibwerere kwathu tsopano. Kuno ku Chitungwiza, monganso ku Harare, tili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere. Mu Juni ndi Julaye masana kumafunda mpaka madigiri 21 kapena 22, koma usiku kumatsika kufika cha m'ma 7, ndipo masiku ena kumatsikiratu kuposa apo. M'madambo ndiye mumanyanya, chifukwa mpweya wozizira ndi wolemera, umatsetsereka n'kukadikha m'malo otsika. Alimi a ku Seke amene amabweretsa masamba ndi tomato pa Chikwanha angakuuzeni mmene dimba la m'dambo limapsera ndi chisanu usiku umodzi wokha, pamene la kumtunda lapulumuka. Nanga maiwe athu a nsomba timawakumba kuti? M'dambo momwemo, poti ndimo muli madzi. Ndiye kuti nsomba zathu tazigoneka pamalo ozizira kuposa ena onse pamunda.

Wina anena kuti, koma dziwe langa silinaundanepo chiyambire. Zoonadi, ndipo mwina silidzaundana. Koma nsomba zimene timaweta kuno sizidikira kuti madzi aundane kuti zife. Ambiri a ife timaweta nsomba za mtundu wa chambo, zimene pamsika pano amazitcha bream kapena gwaya. Zimenezi ndi nsomba za madzi ofunda. Thupi la nsomba silidzifunditsa lokha monga la nkhuku kapena la mbuzi. Limatsata kutentha kwa madzi amene nsombayo ilimo. Chambo cha mtundu wa Nile, chimene chafala kwambiri m'maiwe, chimakula bwino madzi akakhala pa madigiri 27 mpaka 30. Akatsika kupyola 22 chimaleka kuswana. Akatsika kupyola 20 chimadya monyinyirika. Akafika cha m'ma 16 chimangosiyiratu kudya. Ndipo akafika pa 11 kapena 12 n'kukhala pamenepo masiku angapo, nsomba zimayamba kufa. Onani kuti pakati pa madigiri 12 ndi digiri 0 pali mtunda wautali. Madzi amaoneka bwinobwino m'maso, koma kwa chambo ali kale pamalo a imfa.

N'chifukwa chake ulimi waukulu wa chambo m'dziko muno uli ku Kariba, kumene kampani ya Lake Harvest inayamba kuweta nsomba m'zikwere za pa nyanja mu 1997. Kariba ili pansi, mamita osakwana 500, ndipo madzi ake ndi ochuluka, sazizira msanga. Chimodzimodzi Nyanja ya Malawi, kumene makolo a ambiri a ife anachokera pobwera kudzagwira ntchito m'mapulazi, m'migodi ndi m'mafakitale a kuno. Ngakhale mwera ukuwomba mu Juni, asodzi a usipa atakokera mabwato kumtunda, madzi a pamwamba pa nyanja kawirikawiri satsika kupyola madigiri 22. Chambo cha ku Mangochi sichidziwa chisanu cha ku Seke. Koma mlimi wa nsomba wa ku Dedza kapena ku Mzuzu amakumana ndi zomwezi tikukamba pano, chifukwa nayenso ali kumtunda. Ndipo mukakwera kwambiri, monga ku Nyanga kuno kapena pa phiri la Zomba ku Malawi, mumapeza nsomba ina yochokera kunja yotchedwa trout, imene imasangalala m'madzi omwewo amene amapha chambo. Nsomba iliyonse ili ndi madzi ake, ndipo ife tasankha kuweta ya kuchigwa pamtunda. Tiyenera kuvomera ntchito yobwera ndi chisankho chimenecho.

Tapitani pa dziwe m'mawa wa Julaye, dzuwa lisanatuluke, muone nokha. Pamwamba pa madzi pamakhala kautsi koyera kakufuka pang'onopang'ono. Kameneko ndi kutentha kwa dziwe lanu kukuchoka inu mukuona. Mukawaza chakudya, palibe phokoso lija la nsomba kulimbirana lomwe munalizolowera mu Novembala. Chakudya chimangoyandama, mphepo n'kuchikankhira m'mphepete, kenako chimanyowa n'kumira. Nsomba zaunjikana pansi, pakona yakuya, zachita mdima pakhungu, zikungogwedeza zipsepse mwaulesi. Pakapita masiku, mupeza ina ikusambira chammbali, pamsana kapena kumchira kwake patamera zoyera zonga thonje. Chimenecho ndi chuku cha m'madzi, chimene chimagwira nsomba yofooka ndi kuzizira, makamaka imene yakalika khungu ndi ukonde kapena manja. Mlimi akaona zimenezi amathamangira kuganiza kuti wina wamuthirira mankhwala m'dziwe, pena mpaka kudana ndi mnansi wosalakwa. Zimandipweteka mtima ndikamva nkhani zotere, chifukwa nthawi zambiri wolakwa amakhala mwezi wa Julaye.

Tsono titani? Tiyambe ndi kuya kwa dziwe, poti ndiko kumasunga kutentha. Madzi amachedwa kufunda, amachedwanso kuzizira, ndipo akachuluka amachedwa koposa. Dziwe la madzi ofika m'mawondo limazizira mpaka pansi usiku umodzi, nsomba n'kusowa kothawira. Dziwe labwino kuno kwathu likhale lakuya mita imodzi kumbali yosaya, ndi mita imodzi ndi theka kumbali yakuya. Ku Egypt, dziko limene limakolola chambo chambiri kuposa mayiko onse a mu Africa, nakonso kumazizira mu Januwale, ndipo alimi a kumeneko amasungira nsomba zawo m'maiwe akuya kuti zidutse nyengo imeneyo. Ngati dziwe lanu lili kale ndi nsomba, simungalikumbenso lero, koma mungathe kukweza madzi mpaka pamene khoma lingapirire. Chitani zimenezi mwezi uno, musadikire Juni. Ndipo pano ndiime kaye: dziwe lakuya chotere ndi loopsa kwa ana. Mangani mpanda wokhala ndi chitseko chotsekeka. Nsomba zikafa mudzagula mbewu ina, koma mwana alibe mlowam'malo.

Mpanda womwewo ugwirenso ntchito yachiwiri, yotchinga mphepo. M'miyezi imeneyi mphepo yozizira imakonda kuchokera kumwera chakum'mawa. Mbali imeneyo ikani mpanda wothithikana wa udzu, wa bango kapena wa mapesi. Koma samalani ndi mbali ya kumpoto. Ife tili kumwera kwa dziko lapansi, choncho m'nyengo yozizira dzuwa limadutsa chakumpoto, ndiponso chotsika. Mtengo wa mango, nthochi kapena khoma limene lili kumpoto kwa dziwe limagwetsa mthunzi wautali pamadzi nthawi yeniyeni imene nsomba zikufuna dzuwa. Ambiri amadzala nthochi kuzungulira dziwe lonse chifukwa zimakonda chinyezi. Dzalani kumwera, kumpoto kusiyeni poyera, ndipo nthambi zimene zikuphimba mbali imeneyo zisadzeni.

Tifike pa chivundikiro, chija msodzi wa ku Finland amaika pa dzenje lake. Chathu ndi pulasitiki yoonekera m'kati, yomwe ija amamangira nyumba zolimamo tomato. Mumakhoma mitengo kapena mapaipi opindika kudutsa pamwamba pa dziwe, n'kuyala pulasitikiyo, m'mphepete n'kukwirira ndi dothi kuti mphepo isalowe pansi. Masana dzuwa limalowa n'kufunditsa madzi. Usiku mphepo siikhudza madzi, nthunzi imatsekeredwa m'kati, ndipo mpweya umene wakodwa pakati pa madzi ndi pulasitiki umachedwetsa kuthawa kwa kutentha. Dziwe lovundikiridwa limakhala lofundirako ndi madigiri angapo kuposa lapoyera. Madigiri angapo amaoneka ochepa, koma kumbukirani manambala aja: kusiyana kwa 12 ndi 16 ndi kusiyana kwa nsomba yakufa ndi yamoyo.

Pali zolakwika ziwiri zimene ndikufuna muzipewe pa nkhani ya pulasitikiyi. Choyamba, musaiyale pamadzi penipeni n'kuphimba dziwe lonse. Nsomba zimapuma mpweya wosungunuka m'madzi, ndipo mpweya wambiri umalowera pamwamba pomwepo. Mukamata pamenepo mwazitsamwitsa. Pasiyeni mpata pakati pa madzi ndi pulasitiki. Chachiwiri, musatseke n'kuiwala. Masana dzuwa likakwera, tsegulani mbali imodzi kapena zonse ziwiri kuti mpweya usinthane, n'kutsekanso dzuwa likapendeka, kutentha kusanathawe. Mukaona nsomba m'mamawa zili pamwamba zikuyasama kukamwa, dziwani kuti mpweya wachepa. Tsegulani msanga, vundulani madzi ndi chidebe kapena yatsani pampu. Amene mulibe ndalama ya pulasitiki yokwanira dziwe lonse, vundikirani mbali yakuya yokha, ngakhale ndi mphasa kapena udzu womangidwa pa timitengo, usiku wokha. Nsomba zidzadziwa zokha kokabisala.

Amene mukuwetera m'matanki m'tauni muno, vuto lanu ndi lalikulu kuposa la a kumunda. Thanki ya malita 1,000 yoima pamtunda imataya kutentha pamwamba, m'mbali ndi pansi pomwe, pamene dziwe lokumba limatetezedwa ndi nthaka. Ngati n'kotheka, ikwirireni theka m'nthaka. Ngati ayi, ikulungeni ndi masaka odzaza udzu wouma kapena utuchi, ndipo masakawo asanyowe, chifukwa saka lonyowa limaziziritsa m'malo mofunditsa. Ikhale kumbali ya nyumba imene dzuwa limawomba tsiku lonse, osati kuseri kwa mthunzi.

[Kanyimbo kakafupi]

WOULUTSA: Mukumvera pulogalamu ya ulimi ndi usodzi, ndipo tikukamba za kuteteza nsomba ku chisanu. Pali funso limene limabwera kawirikawiri: kodi sindingawiritse madzi n'kuthira m'dziwe? Tiyeni tiwerengere limodzi. Dziwe la mamita 10 m'litali, 10 m'lifupi ndi mita imodzi kuya limasunga malita 100,000. Mukawiritsa ndowa ya malita 20 n'kuthiramo, madzi a dziwe sakwera ngakhale ndi gawo limodzi mwa magawo 50 a digiri imodzi. Mwangotha nkhuni, ndipo nsomba imene inali pafupi mwaipsereza. Madzi amene angathandizedi ndi a pachitsime kapena pamjigo. Kuno ku Chitungwiza ambiri timadalira zitsime, ndipo mukudziwa kuti mukatunga m'mawa wa Julaye madziwo amamveka ofunda m'manja. Madzi a pansi pa nthaka sasintha kwenikweni chaka chonse, amakhala cha m'madigiri 20. Usiku wa chisanu choopsa, kuthira madzi oterewa pang'onopang'ono kumbali yakuya kungapulumutse nsomba. Koma amabwera ndi mpweya wochepa, choncho agwetseni kuchokera pamwamba, azimwazika pa mwala kapena pa thabwa asanalowe. Madzi a pampopi ali ndi klorini amene amawononga makha a nsomba, ayambe akhala m'chidebe chosavundikira tsiku limodzi kapena awiri. Za madzi a mu mtsinje wa Nyatsime kapena wa Manyame m'dera la tauni lino, ine ndikuti ayi. Tonse tikudziwa zonyansa zimene zimatayikiramo.

Za kadyetsedwe ndiye pamene alimi ambiri amatayira ndalama. Mtima wa mlimi umafuna kudyetsa, ndipo akaona nsomba sizikukula amawonjezera chakudya. Koma nsomba yozizidwa siigaya. Chakudya chotsala chimawolera pansi, chimadya mpweya wa m'madzi n'kutulutsa poizoni wa amoniya. Ndiye nsomba imene ikulimbana kale ndi kuzizira mwaisenzetsa mtolo wachiwiri. M'nyengo ino dyetsani kamodzi patsiku, cha m'ma 1 kapena 2 koloko masana pamene madzi afunda. Yambani ndi kadzanja kochepa, muone ngati zikubwera. Zikapanda kudya m'mphindi 15, wolani chotsalacho, tsiku limenelo basi. Chambo chikhoza kukhala masiku angapo osadya m'madzi ozizira popanda vuto. Madeya, zitosi za nkhuku ndi manyowa ena amene mumathira kuti madzi abiriwire, chepetsani kwambiri. Ndipo gulani kachipangizo koyezera kutentha kwa madzi. Sikadula kuyerekeza ndi thumba limodzi la chakudya cha nsomba. Yezani m'mawa dzuwa lisanatuluke ndi masana, mulembe m'kope. Chaka chamawa kopelo lidzakuuzani zambiri za dziwe lanu kuposa zimene ine ndingakuuzeni pano.

Musalowetse ukonde m'dziwe mu Juni ndi Julaye pokhapokha mukukolola zoti zikagulitsidwe tsiku lomwelo. Musasamutse nsomba, musazisankhe, musagule mbewu yatsopano. Kagwiridwe kalikonse kamachotsa ntchofu yoteteza khungu, ndipo chuku chija chimalowera pomwepo. Nzeru yoposa zonse ndi kuyendera kalendala. Ikani mbewu mu Sepitembala kapena Okutobala pamene madzi ayamba kufunda, nsomba zikule miyezi 6 mpaka 8 ya kutentha, mukolole mu Epulo kapena Meyi chisanu chisanalimbe. Amene nsomba zanu zafika kale pa msinkhu wogulitsa, musazisunge poyembekeza kuti zionjezere thupi. Sizikulanso mpaka Sepitembala, ndipo mukhoza kuzitaya zonse usiku umodzi. M'dziwe mutsale zamakolo ndi zazing'ono zimene mungathe kuzisamala bwino. Alangizi a Agritex ndi a nthambi ya boma yoona za nsomba alipo kuti akuthandizeni kuona dziwe lanu, apiteni.

Pali chinthu china chimene sindingachidumphe. Asodzi a pa ayezi amayatsa timbaula ta gasi m'mahema awo, ndipo ena amafera momwemo chifukwa cha mpweya wapoizoni wa carbon monoxide, umene suoneka ndiponso sununkha. Ngozi yomweyo ili pakati pathu. Wina angaganize zoika mbaula ya makala m'kati mwa pulasitiki ya dziwe n'kugona momwemo kulondera nsomba. Chonde musatero. Ndipo ngakhale m'nyumba zathu, magetsi akathima usiku wozizira, musagone ndi mbaula yoyaka mazenera ndi zitseko zili zotseka. Munthu amangomva mutu ndi tulo, osadzukanso. Mbaula itulutsidwe panja musanagone.

Ndisanatseke, mawu ochepa kwa inu amayi ndi abambo ogulitsa nsomba pa Chikwanha ndi pa Makoni. Inu nkhondo yanu ndi yotembenuza: mukufuna ayezi asasungunuke. Koma lamulo ndi lomwelo, kutseka njira ya kutentha, kungoti kwa inu kukuchokera kunja. Ayezi ali ndi mphamvu yodabwitsa. Kilogalamu imodzi ikamasungunuka imameza kutentha kokwanira kuziziritsa lita imodzi ya madzi kuchoka pa madigiri 80 kufika pa 0. Koma mphamvu imeneyi imafika pa nsomba pokhapokha ayeziyo akuikhudza. Chibuma chimodzi chachikulu pakona ya bokosi chimaziziritsa nsomba ziwiri zoyandikana nacho, zina zonse zikufunda. Chiphwanyeni. Yalani ayezi pansi, nsomba zotumbula kale pamwamba pake, ayezi wina, nsomba zina, n'kumaliza ndi ayezi. M'miyezi yotentha muyezo wabwino ndi kilogalamu ya ayezi pa kilogalamu ya nsomba. Bokosi likhale ndi kabowo pansi kotulutsira madzi osungunuka, likhale pamthunzi, lisagone pa simenti yotentha, ndipo lizitsegulidwa pokhapokha wogula wafika. Musanyengedwe ndi kuzizira kwa m'mawa wa Juni. Pofika masana dzuwa la pamsika limakhala litaigwira kale nsomba ya pa thebulo.

Ayezi akhale wa madzi oyera, amene inu mungamwe. Kuundana sikupha tizilombo ta kolera. Tauni yathu ino ndi imene mliri wa kolera wa 2008 unayambira mu Ogasiti, ndipo m'dziko lonse unatenga miyoyo yoposa 4,000. Ambiri a ife tinaika abale. Funsaninso kumene nsomba mukupikulazo zachokera. Mu Disembala 2024 a ZimParks, oona za nyama zakutchire, analetsa usodzi pa Lake Chivero pambuyo poti madzi oipa apha nsomba zambirimbiri ndi nyama zomwa m'nyanjamo, kuphatikizapo zipembere 4. Izi zikutiuza kuti nsomba yoweta m'madzi oyera ikufunika kwambiri pamsika wathu, ndipo mlimi amene adutsa nayo bwino m'nyengo yozizira sadzasowa wogula.

Nthawi yathu yatha, omvera. Kwatsala masabata ochepa kuti chisanu cha Juni chifike. Sabata ino tengani ndodo mukayeze kuya kwa dziwe lanu, kwezani madzi, mangani mpanda kumwera chakum'mawa, sadzani nthambi za kumpoto, ndipo nsomba zimene zakula kololani mukagulitse. Mnzanu amene ali ndi dziwe koma sanamvere pulogalamuyi, kamuuzeni lero lomwe. Tidzakumanenso sabata yamawa nthawi ngati yomweyino.